Kuchokera ku Khungwa la Kwinini Kufika pa LA: Mbiri ya Mankhwala Ochokera ku Zomera

Mankhwala ambiri amene timalandira pawindo la chipatala anayambira m'tchire. LA amene mwana wodwala malungo amamwa ali ndi mphamvu yochokera m'masamba a chitsamba cha ku China. Kwinini anachokera m'khungwa la mtengo wa kumapiri a ku South America. Zambiri mwa zomera zotere zimamera m'maiko osauka, ndipo oyamba kudziwa mphamvu zake anali anthu wamba a kumudzi. Tikalondola mbiri ya zaka pafupifupi 400, tiona kuti mankhwala a mtunduwu amakhalitsa pokhapokha chomera chake chikasamalidwa, mwini nzeru akapatsidwa gawo lake, ndiponso mankhwalawo akayesedwa mokwanira. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, wina amalira.

Khungwa la ku Andes

Kumapiri a Andes, m'maiko a Peru, Bolivia ndi Ecuador, kumamera mtengo wa cinchona. Cha m'ma 1630, ansembe achikatolika a chipani cha Jesuit anayamba kutumiza khungwa lake ku Ulaya, komwe anthu ankalipera n'kumamwa akagwidwa malungo. Mu 1820, akatswiri awiri a ku France, Pierre-Joseph Pelletier ndi Joseph Caventou, anapatula m'khungwamo chinthu chenicheni chimene chimagonjetsa malungo, ndipo ndiye kwinini. Kuyambira pamenepo dokotala ankatha kuyeza mlingo woyenera m'malo mongoyerekeza.

Msika utakula, nkhalango inayamba kuvutika. Osenda makungwa ankagwetsa mtengo wathunthu, ndipo chaka ndi chaka ankalowa kutali kuti apeze ina. Maiko a ku Ulaya, amene asilikali ndi atsamunda awo ankatha ndi malungo ku Africa ndi ku Asia, anafuna kukhala ndi minda yawoyawo. Mu 1865, Manuel Incra Mamani, mbadwa ya ku Bolivia yodziwa kusiyanitsa mitundu ya mtengowu, anatolera wamalonda wa ku England, Charles Ledger, njere za mtundu wokhala ndi kwinini wambiri. Boma la Netherlands linagulako njerezo n'kukazidzala pachilumba cha Java, ndipo pofika m'ma 1930 kwinini pafupifupi 90 peresenti wa dziko lonse ankachokera kumeneko. Mamani anamangidwa chifukwa chotolera alendo njere, anamenyedwa, n'kumwalira mu 1871. Mtengowo unapatsidwa dzina la Ledger. Kulima kunapulumutsadi mankhwalawo, koma chuma chake chinasamuka m'manja mwa eni nthaka.

Kombe wa m'chigwa cha Shire

Zoterezi zinachitikanso kwathu kuno. Alenje a Chimang'anja ankapaka mivi yawo ulembe wa njere za kombe, chomera choyanga cha m'chigwa cha Shire. John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi David Livingstone cha m'ma 1860, anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono atatsukira m'kamwa mswachi umene unakhudzana ndi kombe. Zitsanzo zinatumizidwa ku Britain, ndipo Thomas Fraser wa ku Edinburgh, atazifufuza kwa zaka zambiri, analengeza mu 1885 kuti kombe wochepa amathandiza mtima wofooka. Kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London inayamba kugulitsa mankhwalawo, njere zikuchokera kuno.

Alenje a ku Shire ndiwo ankadziwa nthawi yothyola njere, kasinjidwe kake ndi mphamvu yake pa nyama. Komabe gawo la anthu akuno linathera pa kutola njere m'tchire. Kuyenga, kuika m'mabotolo ndi kutchula mtengo wogulitsira zinkachitikira kutsidya kwa nyanja. Mankhwala ena a mtima atalanda msika, kuno sikunatsale fakitale ngakhale imodzi ya kombe.

Nkhani ya duwa lofiirira la ku Madagascar, lija limamera ngakhale m'mabwalo a nyumba zathu, inaonjezera funso lovuta. M'masamba ake munapezeka vinblastine ku Canada mu 1958, ndi vincristine amene kampani ya Eli Lilly inayamba kugulitsa mu 1963. Mankhwalawa apulumutsa ana osawerengeka ku khansa ya m'magazi. Koma ofufuzawo anakopeka ndi duwali atamva kuti ku Jamaica ndi ku Philippines anthu amamwa masamba ake pa matenda a shuga. Duwa ndi la dziko lina, nzeru yachokera kwina, ndipo matenda amene lachiza ndi enanso. Mwini wake ndani? Funso limeneli likuvutabe mpaka lero.

Maiko osauka ayamba kudzifufuzira

Ufulu wodzilamulira utabwera, maiko ena anaona kuti sangadalire mankhwala ogula kunja okha. Ku Ghana, Dr Oku Ampofo, dokotala amene ankagwira ntchito limodzi ndi asing'anga, anatsogolera kukhazikitsidwa kwa malo ofufuzira mankhwala azitsamba ku Mampong mu 1975. Ku Mali, boma linayamba kuyesa zitsamba zodziwika n'kuzipakira m'mlingo wodziwika kuti zizigulitsidwa m'mafamase. Mu 1978, msonkhano wa maiko wokambirana zaumoyo ku Alma-Ata unavomereza kuti asing'anga ndi azamba ali ndi malo pa ntchito ya zaumoyo m'midzi.

Chipatso chachikulu cha nyengo imeneyi chinachokera ku China. Pa 23 May 1967, boma la kumeneko linayambitsa kafukufuku wachinsinsi wofuna mankhwala atsopano a malungo, chifukwa kolorokwini anali atayamba kulephera pa nkhondo ya ku Vietnam. Mayi Tu Youyou ndi gulu lawo anasanthula mabuku akale a zamankhwala n'kufika pa chitsamba cha Artemisia annua. Poyamba zotsatira zinkasinthasintha. Kenako mayiyu anaona kuti buku la Ge Hong, lolembedwa zaka pafupifupi 1,600 m'mbuyomo, linkalangiza kuviika chitsambacho m'madzi n'kuchifinya, osati kuchiwiritsa. Anaganiza kuti moto ndiwo ukuwononga mphamvuyo, ndipo atayenga popanda kutentha kwambiri zinatheka. Mu 1972 artemisinin anapatulidwa, ndipo mu 2015 Tu Youyou analandira mphotho ya Nobel. Nzeru ya makolo inaloza njira, labotale n'kuitsimikizira.

Ife tinapindula nazo mwachindunji. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini n'kutenga Fansidar, ndipo Fansidar atafooka, mu 2007 tinayamba LA, amene amaphatikiza mankhwala ochokera ku artemisinin ndi ena otchedwa lumefantrine.

Alimi ndiwo anaona zowawa. Maiko ambiri atasinthira ku mankhwalawa nthawi imodzi, artemisinin anasowa, ndipo mu 2005 kilogalamu imodzi inapitirira madola 1,000. Alimi a ku China, Vietnam, Kenya, Tanzania, Uganda ndi Madagascar anathamangira kudzala. Pofika 2007 katundu anachuluka, kilogalamu inatsika mpaka pansi pa madola 200, ndipo ambiri anasiya ulimiwo ali ndi ngongole. Aliyense amene anaimapo ku okushoni ya fodya akudziwa mmene zimapwetekera. Mu 2013 kampani ya Sanofi inayamba kupanga artemisinin ku Italy pogwiritsa ntchito yisiti yosinthidwa m'labotale, komabe minda ikadali gwero lalikulu. Chimene mlimi amafuna ndi pangano la wogula lomutsimikizira mtengo asanafese.

Mphamvu ya mankhwala nayonso imatha ikaseweretsedwa. Bungwe la WHO limaletsa kuchiza malungo ndi tiyi wa Artemisia, chifukwa mphamvu ya m'masamba imasiyana munda ndi munda, ndipo mlingo woperewera umasiya tizilombo tamoyo n'kutizoloweretsa mankhwalawo. Ku Rwanda, Uganda ndi Eritrea kwapezeka kale tizilombo ta malungo tochedwa kufa ndi artemisinin.

Nkhalango ikayamba kutha

Zomera zambiri zamankhwala sizilimidwa, zimangotengedwa m'tchire. Mtengo wa Prunus africana, wa m'nkhalango za m'mapiri a mu Africa kuphatikizapo a kuno, uli ndi khungwa limene ku Ulaya amapangira mankhwala a abambo achikulire ovutika pokodza. Ku Cameroon ndi ku Madagascar, anthu ankasenda mtengo kuzungulira thunthu lonse, n'kuuma uli chiimire. Mu 1995 unaikidwa pamndandanda wa zachilengedwe zimene malonda ake ayenera kulondoledwa pansi pa pangano la CITES, ndipo mu 2007 maiko a European Union anayamba aimitsa kugula khungwa la ku Cameroon. Njira yovomerezeka tsopano ndi kusenda mbali ziwiri zoyang'anizana, kusiya zina ziwirizo, n'kuupatsa mtengowo zaka zingapo kuti upole.

Ku Namibia, komwe kumachokera yambiri mwa mizu ya Harpagophytum yothandiza kuphwanya kwa mafupa ndi msana, anthu a m'dera la Omaheke anayamba ntchito yokumba mosamala cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Amatenga mizu ya m'mbali yokha, kusiya muzu waukulu, kukwirira dzenje, n'kugulitsa pagulu kuti mavenda asawadyere masuku pamutu. Asing'anga athu akale ankachita zomwezo. Ankasenda kachigamba kokha, ankakumba muzu umodzi n'kufotsera. Chimene chinaphwanya mwambowu ndi msika wogula pa kilogalamu, umene umalipira wofulumira kuposa wosamala.

Malamulo a kugawana phindu

Pangano la zachilengedwe la ku Rio de Janeiro la mu 1992 linavomereza kuti dziko lililonse ndi mwini wa zomera zake. Chiyeso chake chodziwika chinali Hoodia, chomera cha m'chipululu chimene anthu a mtundu wa San ankadya kuti asamve njala paulendo wosaka. Bungwe la boma la South Africa lofufuza za sayansi, CSIR, linatenga chiphaso cha umwini n'kupatsa kampani ya ku Britain chilolezo chopangira mankhwala ochepetsa thupi, eni nzeruwo osadziwa. Atadandaula, mu 2003 anasainirana pangano lowapatsa 6 peresenti ya ndalama zimene bungwelo lizilandira pa malonda. Koma mu 2008 kampani ya Unilever, imene inadzalowa m'ntchitoyo pambuyo pake, inaisiya poona kuti mankhwalawo sakukwaniritsa zofunika pa chitetezo ndi mphamvu, ndipo anthu a San anapeza zochepa. Mbiri ya chomera ikathamanga kuposa umboni, ngakhale pangano labwino silibala kanthu.

Pangano la ku Nagoya la mu 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014, linakhwimitsa zinthu. Wofuna chomera kapena nzeru ya anthu ayambe wapempha chilolezo, ndipo agwirizane za kagawidwe ka phindu asanatenge kanthu. Mu May 2024, maiko a m'bungwe la WIPO, loona za ziphaso za umwini, anagwirizana kuti wopempha chiphaso cha umwini aziulula komwe anatenga chomera ndi nzeru zimene wagwiritsa ntchito. Malawi ndiye anali woyamba padziko lonse kuvomereza pangano limeneli, mu December chaka chomwecho.

Ntchito imene yatsala

Kusaina n'koyamikirika, koma pangano silidzala mtengo. M'misika yathu muli milu ya gondolosi ndi makungwa a muwawani, ndipo ku Nsanje anthu amakumba thabalaba wogulitsa kunja. Zambiri mwa izi zimachoka m'nkhalango zomwe zikutha kale ndi makala, ndipo zimatuluka m'dziko zili zosayenga, monga ankachokera kombe. Pawailesi ndi pa WhatsApp pamamveka malonda a mabotolo olonjeza kuchiza shuga, khansa ndi Edzi nthawi imodzi, ndipo odwala ena amasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha malonjezo amenewa.

Poyambira tili napo. Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens, komwe zomera za dziko lino zimasungidwa ndi kuzindikiridwa. Tili ndi masukulu a ukachenjede ophunzitsa za mankhwala, bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala, ndi mabungwe a asing'anga. Chofunika n'chakuti amenewa agwirane manja pa zomera zochepa zosankhidwa bwino, ziyesedwe kuti tidziwe zimene zimachizadi, mlingo wake ndi kuopsa kwake. Zimene zapambana zilimidwe m'minda ndi m'nkhalango za m'midzi pansi pa mafumu ndi makomiti, wogula atalonjeza mtengo. Kuumitsa, kupera ndi kupakira zichitikire konkuno. Ndipo sing'anga kapena mudzi umene waulula nzeru ulembedwe dzina m'pangano kafukufuku asanayambe. Zimenezi zimafuna ndalama za boma, zaka za kuleza mtima, ndi kulimba mtima kouza anthu poyera pamene chitsamba chokondedwa chalephera mayeso. Dziko limene linayamba kuvomereza pangano loteteza nzeru za makolo likuyenera kukhalanso patsogolo poika ndalama m'bajeti yoti nzeruzo zifufuzidwe ndi ana ake omwe.