Toggle pa masamba a intaneti

Toggle ndi uthenga umene msakatuli amapereka ku pulogalamu ya JavaScript gawo lobisika la tsamba la intaneti likatsegulidwa kapena kutsekedwa. Magawo otere amapezeka kwambiri pa masamba a mafunso ndi mayankho, pomwe yankho silioneka mpaka wowerenga atadina funso.

Kapangidwe ka gawo

Mu HTML, gawo lotere limapangidwa ndi tagi ya details, ndipo mutu wake, umene umaoneka nthawi zonse, umalembedwa mu tagi ya summary. Gawo likatseguka, msakatuli amaika mawu akuti open pa tagi ya details, likatsekeka amawachotsa. Chrome inayamba kuzindikira tagiyi mu 2011, Firefox mu 2016, koma Internet Explorer sinaizindikirepo.

Mmene uthengawu umagwirira ntchito

Uthenga wa toggle ndi umodzi womwewo potsegula ndi potseka pomwe. Choncho pulogalamu iyenera kuona ngati open alipo kuti idziwe chimene chachitika. Izi zimathandiza, mwachitsanzo, kuti zithunzi zikuluzikulu zikopedwe pokhapokha gawo latsegulidwa, wowerenga asaonongere deta pa zinthu zimene sanafune kuona.

Uthengawu umafika kusintha kutachitika kale, motero sungaletse gawo kutseguka kapena kutsekeka. Sukweranso kupita ku matagi amene azungulira gawolo monga umachitira uthenga wa click, ndiye olemba mapulogalamu ambiri amaumvetsera pa gawo lililonse palokha. Gawo likasintha kangapo mofulumira kwambiri, msakatuli amatha kuphatikiza zonsezo n'kupereka uthenga umodzi. Komanso gawo limene linalembedwa lili lotsegula kale limapereka toggle tsamba likangotseguka, munthu asanadine kalikonse. Pulogalamu yowerenga kuchuluka kwa anthu odina ikapanda kusamala zimenezi, imapereka chiwerengero cholakwika.

Njira ya Bootstrap

Bootstrap ili ndi magawo ake obisika amene amapereka mauthenga anayi: show.bs.collapse ndi hide.bs.collapse kusintha kukamayamba, shown.bs.collapse ndi hidden.bs.collapse kukatha. Awiri oyambawo angathe kuletsedwa ndi preventDefault, mwachitsanzo pofuna kuti fomu yosamaliza kulemba isatsekeke. Magawo opangidwa popanda details amafunika aria-expanded pa batani lake, kuti mapulogalamu owerengera anthu osaona adziwe ngati gawo lili lotsegula kapena lotseka.