Phala la oats kwa makanda amene ayamba kudya

Kuyambira m'caka ca 2001, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization lakhala likulangiza kuti khanda liziyamwa bere lokha kwa miyezi 6 yoyambirira. Pambuyo pake mwana afunika zakudya zina, makamaka zokhala ndi ayironi yothandiza kupanga magazi, uku akupitiriza kuyamwa kufikira zaka 2 kapena kupitirirapo.

M'matauni monga Lusaka ndi Chipata, azimai ena amayambitsa ana ao phala la oats m'malo mwa phala la ufa wa cimanga. Oats ndi mbeu yofanana ndi tirigu imene imakula bwino m'maiko ozizira. Ili ndi zomanga thupi zambiri kuposa ufa woyera wa cimanga, ndipo imathandiza mwana kucita cimbudzi cofewa. Komabe mtengo wake ndi wokwera, ndipo phala la mugaiwa lothiramo nshawa zosinja limamkwanira mwana.

Kaphikidwe ndiko kofunika kwambiri. Oats ayenera kusinjidwa kukhala ufa ndi kuphikidwa m'madzi aukhondo kufikira atapsa ndi kufewa. Phala likhale lolimba ndithu, losayenderera pa supuni ikapendekedwa, cifukwa phala lamadzimadzi limadzaza kamimba ka mwana popanda kumpatsa mphamvu. Likazizirako, mai angathe kufinyiramo mkaka wa m'mawere. Mcere ndi shuga n'zosafunika, ndipo uci ndi woletsedwa kwa mwana wosakwanitsa caka cimodzi popeza ungathe kumdwalitsa matenda oopsa ofooketsa thupi ochedwa botulism.

Mwana wa miyezi 6 kufikira 8 adye kawiri kapena katatu patsiku, kuyambira ndi masupuni aakulu 2 kapena 3. Oats paokha sakwanira: pafunika kuonjezeramo dzira lopsa bwino, kapenta wosinja, nthoci kapena kotapela. Nkhani imeneyi si yamasewera, pakuti kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey wa m'caka ca 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira.

Ngati mwana wacita zidzolo, watupa milomo kapena akusanza atadya cakudya catsopano, makolo asiye kumpatsa cakudyaco ndi kupita naye kukiliniki. Akayamba kupuma movutikira, athamangire naye kucipatala nthawi yomweyo.