Kucoka pa Windows 10 Kupita pa Windows 11: Ubwino ndi Zobvuta Zake

Windows ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa nchito zonse za m'kompyuta. Kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, patapita zaka khumi citulukireni cake mu 2015. Kompyuta yotere iyakabe monga kale, koma mipata imene mbala za pa intaneti zimaloŵerapo siitsekedwanso, kupatulapo kwa amene analembetsa citetezo capadera cofika mu October 2026.

Ubwino waukulu wosamukira pa Windows 11 ndi citetezo cimeneci, makamaka kwa otumiza ndalama pa kompyuta. Mu 2017 vairasi ya WannaCry inatseka makompyuta osakonzedwa m'maiko ambiri, ngakhale m'zipatala za ku Britain. Kusamukaku n'kwaulere kwa amene ali ndi Windows 10 yobvomerezeka.

Bvuto lili pa makina. Windows 11, imene inatuluka mu 2021, imafuna RAM ya 4GB, malo osungira okwana 64GB ndi kacipangizo kochedwa TPM 2.0. Makompyuta ambiri opangidwa caka ca 2017 cisanafike amakanidwa, cinkana akali olimba, ndipo kugula ina si nkhani yapafupi. Printa yakale nayonso ingathe kuleka kugwira nchito.

Pulogalamu ya PC Health Check imaonetsa ngati kompyuta ili yoyenera. Ikakanidwa, Ubuntu ndi Linux Mint n'zaulere, koma zimafuna kuziphunzira. Musanayambe, sungani zithunzi ndi makalata pa flashi, ndipo sankhani nthawi imene magetsi sazima, pakuti akazima nchito ili mkati kompyuta ingakane kuyaka.