Nyumba ya Chamare ku Mua ndi Gule wa Kwathu

Munthu wa ku Bowe, kapena wa m'mapiri a Ntchisi, akafuna kuona gule wa makolo ake atasonkhanitsidwa pansi pa denga limodzi, ayenera kutsika ndi msewu wa ku Salima, kupyola pa Mvera pamene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch anamanga misasa yawo m'dziko la Chiwere m'chaka cha 1889, nakhotera kummwera kufikira atalowa m'dera la Kachindamoto, patsinde pa mapiri a Dedza. Kumeneko, ku Mua, ansembe a chipani cha White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902, ndipo pamalo omwewo paima nyumba yosungiramo zamakedzana ya Chamare, yotchedwa dzina la Champmartin, mmisiri wa matabwa wa pamishonipo.

Chozizwitsa n'chakuti nyumbayi ili pabwalo pomwe panali nkhondo. M'zaka za m'ma 1920 ansembe a ku Mua ankaliona dambwe ngati linga la mdani, pomwe eni mizinda ankati sukulu yadza kudzawalanda anyamata, kotero kuti milandu yawo inkafika mpaka kwa bwanamkubwa wa boma. Ndipo kwathu kuno, kumene mishoni ya Kongwe inatsegulidwa mu 1894, Mkhristu wopezeka kubwalo la gule ankadulidwa mumpingo. Anyau sanayankhe ndi makalata. Anayankha ndi zilombo zawo, Simoni, wankhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa, ndiponso ndi Maliya, amene anavina pamaso pa mudzi wonse.

Koma paja akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anafika m'Malawi mu 1967 napatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a zaluso a Kungoni m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe mu 1976. Ndipo m'malo modzudzula zimene sanazimvetse, anakhala pansi pamapazi pa akulu zaka zambirimbiri, akufunsa dzina la chilombo chilichonse, nyimbo yake, ndi mwambo umene chimaphunzitsa, kufikira nkhope zimene anasonkhanitsa zinapitirira 400.

M'nyumba ya Chamare ija, chipinda choyamba chikamba za mishoni, chachitatu za Angoni ndi Ayao. Koma Mchewa mtima wake umatsalira m'chapakati. M'menemo muli Chadzunda, tate wa zilombo, wankhope yakuda bii, yamakwinya, mano ataguluka, amene pabwalo amalowa motsimphina ngati nkhalamba yotheratu, kenaka n'kutimba fumbi mpaka anyamata kuchita manyazi. Mulinso Kasiyamaliro, mayi wa onse, wolukidwa ndi makoko a chimanga pamwamba pa timitengo topindidwa, msana wake utakwera kutsogolo ndi kumbuyo, amene amaperekeza mzimu wa malemu kwa makolo.

Sitinganene kuti zonse zili bwino, pakuti Kasiyamaliro weniweni amatenthedwa mwambo ukatha, ndipo nkhope yopachikidwa, yopanda mbalule, yopanda amayi oombera m'manja ndi kuvomera nyimbo, yasiya theka la moyo wake kumudzi. Aliponso akuluakulu amene mpaka lero sakondwa kuti osavinidwa aziona poyera za kudambwe, ndipo dandaulo lawo si lachabe. Ngakhale zili tero, ine ndiima ndi amene anasunga, chifukwa zilombo zambiri zimabadwa ndi nyengo yake n'kuzimirira nayo, ndipo zikadapanda kulembedwa, monga anachitira Boucher m'buku lake la 2012, zidzukulu sizikadadziwa kuti zinavinidwapo. Pamene bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, ku Mua ntchitoyo inali itagwiridwa kale zaka pafupifupi 30.

Chimene chindiwawa n'chakuti ku Dowa ndi ku Ntchisi, kumene gule sanagonepo tulo, makasu osulidwa ndi amisiri akale, mauta, mikondo ndi ng'oma za mizinda zikudyedwa ndi dzimbiri ndi chiswe kuseri kwa nkhokwe, ndipo nkhalamba zodziwa kumene makolo ankabisala m'phiri la Ntchisi pothawa nkhondo ya Angoni tikuziika m'manda chaka ndi chaka popanda wozifunsa.