Kufufuza Mbiri ya Agogo Amene Anali pa Sitima ya Nkhondo

Nkhondo panyanja

Mu Ogasiti 1914 kunabuka nkhondo yaikulu ya dziko lonse. Makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya. Dziko lino linali Nyasaland, m'manja mwa Angerezi. Kutsidya kwa nyanja, kumene lero ndi Tanzania, kunali Ajeremani.

Angerezi anali ndi sitima yotchedwa Gwendolen. Ya Ajeremani inali Hermann von Wissmann. Kaputeni Rhoades wa Gwendolen anakaipeza sitima ya Ajeremaniyo ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli. Ajeremani anali ataikokera kumtunda kuti aikonze. Rhoades anaiombera ndi mzinga, ndipo inawonongeka. Kaputeni Berndt wa Ajeremani anali mnzake wa Rhoades, ndipo anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba.

Osonkhezera moto

Mabuku amatchula makaputeni awiriwo. Nanga amene ankasonkhezera moto anali ndani? Sitimazi zinkayendera nthunzi, ndipo zinkadya nkhuni zambiri. Panali odula nkhuni m'madooko, ozisenza, ndi oziponya m'ng'anjo thukuta lili kamukamu. Panalinso ophika ndi opalasa mabwato opita kumtunda. Ambiri anali anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Nayo Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya UMCA, boma linaitenga kuti izinyamula asilikali.

Mayina a anthu amenewa sapezeka msanga, ndipo zimenezi n'zopweteka. Komabe angathe kufufuzidwa.

Yambirani pakhomo

Musanakwere basi, khalani pansi ndi achikulire a pabanja. Funsani mayina onse a agogowo: la ubwana, la kuchinamwali, la ubatizo, ndi la bambo wawo. Apa m'pofunika kufatsa. Munthu ankatha kulembetsa ntchito ndi dzina lina, kumudzi akudziwika ndi lina. Alembi achizungu nawonso ankalemba monga mmene khutu lawo lamvera. Choncho dzina limodzi lingapezeke litalembedwa mosiyanasiyana.

Lembaninso mudzi wawo, mfumu ya nthawiyo, ndi boma lawo. Mukumbukire kuti m'mapepala akale Mangochi ndi Fort Johnston, ndipo Nkhotakota ndi Kota Kota.

Ngati m'sutikesi yakale muli mendulo, yang'anani m'mphepete mwake. Pa mendulo za Angerezi za nkhondo imeneyi ankadindapo dzina ndi nambala ya mwini wake. Koperani nambalayo mosaphonya.

Kumene kuli mapepala

Mapepala akale a boma amasungidwa ku National Archives of Malawi, mumzinda wa Zomba. Ambiri ndi a m'Chingerezi, ena olembedwa pamanja. Pitani ndi mwana kapena mdzukulu wodziwa kuwerenga bwino. Ku Blantyre, m'nyumba ya Mandala, muli laibulale ya Society of Malawi yokhala ndi mabuku ndi zithunzi zakale.

Musaiwale kutchalitchi. Kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati amasunga mayina amene boma silinalembe, makamaka kwa amene makolo awo anali a Anglican ku Likoma.

Ku Mangochi

Mzinga wa Gwendolen ulipobe ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria. Chapafupi pali Lake Malawi Museum, yofotokoza za sitima za panyanjayi. Mukapitako, tengani kope lanu la mayina, muwaonetse ogwira ntchito kumeneko.