Dimba la Mendel Lidamera Kawiri

Ana inu mudabadwa foni zili kale m'manja, ndiye mumayesa kuti zoyendera m'dziko la pakompyuta zayamba dzulo. Tatcherani khutu.

Kalekale mumzinda wa Brno, umene lero uli ku Czech Republic, mudali wansembe dzina lake Gregor Mendel. Kuyambira mu 1856 mpaka 1863 bamboyu ankalima nsawawa m'dimba la panyumba yawo ya ansembe. Ankatsegula duwa lisanakhwime, n'kuthothola timitu ta mungu, n'kupakapo mungu wa duwa lina, kenako n'kuliveka kathumba kuti tizilombo tisamusokonezere. Akatero, kudikira chaka. Atakwatitsa nsawawa yosalala ndi yamakwinya, ana onse adatuluka osalala psiti. Makwinya aja adakatulukira mwa adzukulu: njere 5,474 zosalala, 1,850 zamakwinya, ndiye kuti pafupifupi yamakwinya imodzi pa zosalala zitatu zilizonse. Tangoganizani, munthu wamkulu kuwerenga njere imodziimodzi! Adasindikiza zimenezi mu 1866 koma anthu osalabadira. Adamwalira mu 1884, ophunzira adadzamukumbuka mu 1900.

Tsono mu 2003 kampani ya Linden Lab idatsegula Second Life, dziko la pa intaneti momwe munthu ankalowa ndi kamunthu kake koyenda, n'kumamangamo nyumba. Ambiri adathamangira magule ndi malonda. Koma mphunzitsi wina wa ku Texas Wesleyan University, mayi Mary Anne Clark, adamangamo chilumba chotchedwa Genome Island, n'kudzalamonso dimba la Mendel pamodzi ndi nyumba ya ansembe ija. Mwana wasukulu ankayendetsa kamunthu kake m'dimbamo, n'kudina pa nsawawa, ana ake n'kutuluka pomwepo. Iye n'kuwerenga, n'kulemba, mpaka zitatu ndi imodzi zija aziona yekha, mphunzitsi asanamuuze. Mayiwo adagwira ntchito, ine ndimawavulira chipewa, chifukwa zoloweza pa bolodi mwana amaiwala mayeso akangotha.

Komabe dimba la pakompyuta lidabisa chinthu chimodzi. Mmenemo nsawawa inkacha chala chisanachoke pa batani, pomwe Mendel mwini wake adapirira zaka zisanu ndi zitatu akusamalira mbewu pafupifupi 28,000. M'zolemba zake adatchulamo ngakhale anankafumbwe a nsawawa, poopa kuti akaboola duwa alowetsamo mungu wachilendo, ndipo mbewu zina ankaziika m'miphika n'kuzitsekera m'nyumba yamagalasi kuti azifananitse ndi zapanja.