Kuchepetsa mafuta m'zakudya: phindu lake n'chiyani?

M'tauni muno zakudya zokazinga zili ponseponse. M'mawa mandasi, masana tchipisi cha pachiwaya, madzulo kanyenya. Zimakoma, palibe angakane, koma thupi limasunga zonsezo.

Mlingo wake

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole 30 peresenti ya mphamvu za tsiku zochokera ku mafuta. Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9, pomwe galamu ya sitachi kapena mapuloteni imapereka 4. Kwa munthu wodya makalori 2,000 patsiku, ndiye kuti magalamu pafupifupi 66, kapena kuti masipuni aakulu osakwana 5. Apa tawerengera ndi mafuta obisika mu nyama, mkaka, mabisiketi ndi majarini, osati a m'botolo okha.

Mafuta safanana

Oyenera kuwachepetsa kwambiri ndi amene amaundana akazizira: mafuta a nkhumba, a ng'ombe, chikopa cha nkhuku, batala ndi mafuta a kanjedza. Awa amakweza kolesitolo woipa amene amamatirira m'mitsempha. WHO imati asapyole 10 peresenti. A mu mtedza, mapeyala, soya, mpendadzuwa ndi nsomba ngati usipa ndi abwino ku mtima, bola mlingo.

Phindu lake

Mitsempha ikakhala yotseguka, chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko chimatsika. Thupi silinenepa mopyola, ndipo zimenezi zimathandiza kupewa shuga ndi BP. Kamimba kaja ena amati n'chizindikiro cha ndalama, nthawi zambiri ndi chenjezo.

Osasiyiratu

Mavitamini A, D, E ndi K salowa bwino m'thupi popanda mafuta, ndipo kuno ku Malawi mafuta ophikira a m'mafakitale amathiridwa vitamini A. Ana aang'ono amafunika mafuta kuti akule, musawamane. Komanso kusiya mafuta n'kuyamba kumwa zakumwa za shuga wambiri sikuthandiza kanthu.

Poyambira

Yezani mafuta ndi sipuni, osangopungula. Wiritsani kapena otchani nyama, ndipo chotsani zonona. Masamba otendera ndi nsinjiro safunanso mafuta ena. Pachiwaya, mafuta akada bii chifukwa chokazingira kambirimbiri, dutsani. Ngati kwanu kuli wodwala BP kapena shuga, kayezetseni kuchipatala ngakhale muli ndi zaka 22 zokha.